Phokoso la M'chingwe: Pamene Uthenga wa Gulu Ugwetsa Kompyuta

Mwezi wa Epulo ukafika, Kasungu amasintha mayendedwe. Fodya amakhala atachoka m'zigafa, atasankhidwa, atadindidwa, ndipo malole odzaza mabelo amayamba kulunjika ku msika wa Chinkhoma. Nthawi yomweyi makompyuta a m'maofesi a pa boma, a m'maesiteti ndi a m'masitolo a feteleza sapuma. Amalemba mayina a alimi, manambala a mabelo, ngongole za zipangizo ndi malipiro a antchito. Ndiye taganizani, kalaliki ali pakati polemba, alimi ali pamzere pakhomo, skirini n'kungosanduka buluu, kompyuta n'kuzima, n'kudziyatsanso yokha. Nthawi zina siizima, koma imangoonetsa kuti netiweki yaduka, chonsecho chingwe chili m'malo mwake.

Zikatere anthu amaloza chala magetsi, vayirasi kapena intaneti. Amaitana mnyamata wodziwa makompyuta, iye n'kuifomata, n'kulandira yake, koma pasanathe sabata vuto lija labwereranso. Labwerera chifukwa silinali m'mafayilo a kompyutayo. Limalowera pa chingwe, n'kukapeza pofooka m'kapulogalamu kena kakang'ono komwe ambiri sadziwa n'komwe kuti kalimo.

Khadi ndi dalaiva wake

Kumbuyo kwa kompyuta ya pa desiki kuli kabowo komwe kumalowa chingwe cha netiweki, ndipo pambali pake pamakhala timagetsi tiwiri tothwanima. Kuseri kwa kabowoko kuli kachipangizo kotchedwa khadi la netiweki. Kale linalidi khadi lochita kulowetsa m'kati mwa kompyuta. Masiku ano ndi kachidutswa komatiridwa pa bolodi yaikulu. Makhadi ambiri ndi opangidwa ndi makampani monga Intel, Realtek ndi Broadcom, ndipo kalankhulidwe kawo pa chingwe kamatchedwa Ethernet, komwe Robert Metcalfe ndi anzake anayambitsa ku Xerox PARC, ku California, mu 1973.

Khadi palokha silimvana ndi Windows. Pakati pawo pamaima kapulogalamu kotchedwa dalaiva, kolembedwa ndi opanga khadilo. Dalaiva ndi amene amauza khadi zochita, amalandira zomwe khadi latola pa chingwe, n'kuzipereka kwa mapulogalamu omwe akuzidikira.

Chofunika kuchimvetsa ndi malo omwe dalaiva amagwirira ntchito. Word kapena Excel ikasokonezeka, Windows imangotseka pulogalamu yokhayo, zina n'kumapitirira. Dalaiva ayi. Iye amakhala m'kati mwenimweni mwa Windows, momwe akatswiri amati kernel, ndipo amatha kugwira memore paliponse. Akalemba pamalo osayenera, Windows imaimitsa zonse nthawi yomweyo poopa kuti ikapitiriza ingawononge mafayilo anu. Skirini ya buluu ija imabwera choncho. Dziko lonse linaziona zimenezi pa 19 Julayi 2024, pamene fayilo imodzi yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inasokoneza pulogalamu yokhala mu kernel momwemo, n'kugwetsa makompyuta omwe Microsoft inati anali pafupifupi 8.5 miliyoni. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zinasokonekera. Sanali dalaiva wa khadi la netiweki, koma malo ake okhala anali omwewo.

Njira zitatu zofikitsira uthenga

Chilichonse choyenda pa chingwe chimayenda m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi wamba imanyamula mabayiti osapitirira 1,500, choncho chithunzi chimodzi cha pa foni chimagawidwa m'mapaketi mazanamazana, mwinanso masauzande. Paketi iliyonse imakhala ndi adiresi ya komwe ikupita ndi ya komwe yachokera. Khadi lililonse lili ndi adiresi yakeyake, yotchedwa MAC, ya zilembo ndi manambala 12, yomwe limachoka nayo ku fakitale.

Tiyerekeze ndi mudzi wina ku Chamama kapena ku Santhe. Mukakhala ndi mawu a munthu mmodzi, mumatuma mwana kunyumba kwake, ndipo ena onse samva kanthu. Pa netiweki njira imeneyi amaitcha unicast. Kukagwa maliro, mnyamata wa amfumu amakwera pachulu n'kufuulira mudzi wonse, ndipo aliyense ayenera kumvetsera. Imeneyo ndi broadcast. Koma pali uthenga wachitatu, woti a kalabu ya fodya mawa akakumane kusukulu. Sunapite kwa munthu mmodzi, sunapitenso kwa onse, koma kwa gulu la omwe analembetsa. Imeneyi ndiye multicast, uthenga wa gulu. Mudzi wadongosolo umakhala ndi kaundula wa mamembala, wotumidwa n'kungofika m'makomo mwawo mokha. Kaundula akasowa, mnyamata uja amangokwera pachulu pomwe paja, ndipo ngakhale agogo omwe sanalimepo fodya amayenera kutchera khutu kaye asanadziwe kuti nkhaniyo si yawo.

Amene anakonza malamulo a multicast pa intaneti ndi Steve Deering, ali wophunzira ku yunivesite ya Stanford, ndipo chikalata chake chotchedwa RFC 1112 chinatuluka mu 1989. Maadiresi onse a intaneti oyambira 224.0.0.0 kulekeza 239.255.255.255 anapatulidwa kuti akhale a magulu. Pa chingwe, mapaketi awo amadziwika ndi adiresi ya MAC yoyamba ndi 01-00-5E. Dongosolo latsopano la maadiresi, IPv6, lilibiretu broadcast. Ntchito zonse zofuulira ambiri limazichita ndi multicast, ndipo mapaketi ake amayamba ndi 33-33.

Multicast si chinthu choipa ayi, ndi nzeru yabwino kwambiri. Mphunzitsi wa pa sekondale yemwe ali ndi makompyuta 40 oti awaikire Windows atha kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Clonezilla, n'kutumiza zonse kamodzi kokha, makompyuta onse 40 n'kulandira nthawi imodzi. Kamera ya CCTV yoyang'anira shedi ya mabelo itha kutumiza kanema mmodzi yemwe aoneke ku ofesi ya manijala ndi kwa alonda pa geti. Pulinta nayo imadzilengeza yokha pa gulu la 224.0.0.251, ndipo n'chifukwa chake foni kapena laputopu imaipeza popanda munthu kuiuza. Mawailesi a kanema amakono ndi marauta amalengezana pa 239.255.255.250.

Swichi yopanda kaundula

Zingwe zonse za mu ofesi zimakakumana m'kabokosi ka mabowo ambiri kotchedwa swichi. Swichi imaphunzira kuti khadi lakutilakuti lili ku bowo liti poona adiresi ya komwe paketi yachokera. Koma adiresi ya gulu siikhala ya wotumiza, imangokhala ya olandira, ndiye swichi wamba siingaiphunzire. Chomwe imachita ndi kukopera paketi ya gulu ija n'kuitulutsira ku mabowo onse. Maswichi otsika mtengo omwe amagulidwa m'mashopu ambiri, a mabowo 8 kapena 16, osakhala ndi poti n'kutcherapo chilichonse, ambiri amachita chonchi.

Njira yolembetsera ilipo. Kompyuta ikafuna kulowa gulu imanena kudzera mu kalankhulidwe kotchedwa IGMP. Swichi yanzeru imamvetsera zimenezi n'kumasunga mndandanda wa mabowo omwe apempha gulu lililonse, ndipo luso limeneli amalitcha IGMP snooping. Swichi ikakhala yopanda lusoli, kapena lilipo koma silinayatsidwe, kompyuta ya kalaliki wa malipiro imalandira kanema wa makamera onse a pa esiteti ngakhale siinapemphe.

Chomwe chimagwetsa dalaiva

Khadi lili ndi sefa yakeyake yoti lizikanira mapaketi a magulu omwe kompyuta siinalowe. Vuto ndi lakuti sefayi ndi yaing'ono ndiponso ya mabowo aakulu. Makhadi ambiri akale amagawa magulu onse m'zigawo 64 zokha, choncho gulu lomwe simulifuna likagwera m'chigawo chimodzi ndi lomwe mumalifuna, limalowa nawo. Kuwonjezera apo, maadiresi 32 osiyana a magulu a pa intaneti amagwiritsa ntchito adiresi imodzi ya MAC, moti khadi silingawasiyanitse. Ndipo magulu akachuluka, madalaiva ena amangochotseratu sefa. Dalaiva wa Linux wa khadi lakale la Realtek RTL8139 amachita zimenezi magulu akapitirira 32. Kuyambira pamenepo chilichonse cha gulu chimalowa.

Paketi ikalowa, khadi limaiika mu memore, pa mndandanda wa malo owerengeka omwe dalaiva anakonzeratu. Pa makhadi ambiri a Intel malowa amakhala 256 ngati munthu sanasinthe. Kenako khadi limatumiza chizindikiro kwa purosesa kuti isiye kaye zomwe ikuchita, dalaiva abwere adzatenge. Tsopano tiwerengere limodzi. Tinene kuti pali makamera 16, iliyonse ikutumiza mamegabiti 4 pa sekondi. Onse pamodzi ndi mamegabiti 64, omwe ndi mapaketi oposa 5,000 pa sekondi iliyonse. Dalaiva akangochedwa pang'ono, malo 256 aja amadzaza m'kanthawi kochepa kwambiri, kokwana gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Ngati khadilo ndi lakale, la mamegabiti 100, mpata wotsalira ntchito yeniyeni ya kalaliki ndi wochepa zedi.

Apa m'pofunika kunena chilungamo. Dalaiva wolembedwa bwino sagwa chifukwa cha kuchuluka kwa mapaketi. Malo akadzaza amangotaya otsalawo, kompyuta n'kumayenda pang'onopang'ono koma osazima. Dalaiva akagwa, ndiye kuti muli cholakwika chomwe olemba ake anachisiya, chomwe pa masiku abata sichioneka. Mwina sawerengera bwino pamene malo aja adzaza n'kuyambiranso poyamba. Mwina mndandanda wa magulu ukusinthidwa pa nthawi yomwe paketi ikulowa, mbali ziwiri za dalaiva n'kugwira malo amodzi nthawi imodzi. Mwinanso khadi langodzuka kumene kuchokera ku tulo tosungira magetsi, mapaketi n'kulipeza lisanakonzeke. Mwa mapaketi khumi ngozi yotere siingachitike, koma mwa mapaketi mamiliyoni pa ola imachitika ndithu. Multicast ndi imene imaulula cholakwikacho, koma mwini cholakwika ndi dalaiva.

Nthawi zina paketi imodzi yokha imakwanira. Mu Febuluwale 2013, katswiri wina wa matelefoni a pa intaneti ku America, Kristian Kielhofner, anaonetsa kuti paketi ya kapangidwe kena kake inkazimitsa khadi la Intel 82574L pa makina ena, ndipo silinkadzuka mpaka atazimitsiratu magetsi a makinawo. Intel inayankha kuti vuto linali pa momwe kampani ina yopanga mabolodi inatcherera khadilo.

Makompyuta ochita phokoso ali m'tulo

Phokoso limachokera kosiyanasiyana. Makamera otcheredwa kuti azitumiza pa multicast tawatchula kale. Pali chipangizo chowonongeka chomwe chimangobwereza kudzilengeza osalekeza. Ndiye pali chachikulu pa zonse, chingwe chozungulira. Munthu akukonza mu ofesi wapeza chingwe chili lendelende, n'kuchilowetsa mu swichi, osadziwa kuti mbali inayo ili kale mu swichi yomweyo. Paketi ya Ethernet ilibe malire a nthawi yokhalira pa chingwe, choncho ya gulu ikalowa m'njira yozungulira imangozungulira, ikukopedwa ulendo uliwonse, mpaka netiweki yonse itaima m'masekondi ochepa. Radia Perlman anapeza njira yotsekera mizungulire yotere mu 1985, yotchedwa Spanning Tree, koma maswichi otsika mtengo aja ambiri alibe.

Nkhani yomwe ikutikhudza kwambiri kuno ndi ya mu 2014. Chaka chimenecho oyang'anira manetiweki m'mayunivesite ndi m'makampani a kunja anadabwa kuona netiweki ikufa usiku, nthawi yomwe kunalibe wogwira ntchito. Atafufuza anapeza kuti phokoso likuchokera m'makompyuta atsopano okhala ndi khadi la Intel I217-LM, monga Dell OptiPlex 9020 ndi HP EliteDesk 800 G1. Kompyuta yotere ikagona, khadi lake linkayamba kutulutsa mapaketi a multicast a IPv6 ochuluka zedi, okwanira kufooketsa maswichi ndi zipangizo zina za pa netiwekiyo. Munthu akaigwedeza n'kudzuka, phokoso linkatha, wofufuza n'kupeza zonse zili bwinobwino. Vutoli linatha ndi dalaiva watsopano wochokera ku Intel.

Tikuti ikutikhudza chifukwa makompyuta a msinkhu umenewo ndi omwe maofesi a kunja anawapumitsa, ndipo ndi omwe amafika kwathu ngati a kaunjika, m'masukulu, m'makafe a intaneti ndi m'maofesi ang'onoang'ono. Ndi makina olimba, ndipo palibe chifukwa chowanyozera. Koma woikamo Windows akagwiritsa ntchito dalaiva wakale wa pa fulashi yomwe wakhala akuyenda nayo zaka zambiri, vuto lomwe anzathu analithetsa kalekale litha kudzukanso ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya.

Kufufuza mwadongosolo

Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa Kasungu boma, ndipo kuitanitsa katswiri kumeneko ndi ndalama. Zambiri mutha kuzipeza nokha musanamuitane, ndipo chida choyamba ndi kope ndi cholembera. Lembani tsiku ndi nthawi yomwe kompyuta yagwa, komanso chomwe chimachitika mu ofesi nthawi imeneyo. Kodi imagwa alonda akayatsa skirini ya makamera? Kodi ndi pa nkhomaliro, makompyuta ena atagona? Kodi yagwa imodzi, kapena zingapo za mtundu umodzi nthawi imodzi? Makompyuta atatu ofanana sangawonongeke mphindi imodzi mwangozi. Zikatero dziwani kuti pali china chawapeza onse kudzera pa chingwe.

Kenako zulani chingwe cha netiweki, mugwire ntchito tsiku lonse popanda icho. Kompyuta ikakhala bwinobwino, n'kudzagwa mutabwezera chingwe, mwayandikira. Izi zimathandizanso kusiyanitsa vutoli ndi ena omwe ndi ofala kuno: khadi lopsa ndi mphenzi m'nyengo ya mvula, fumbi la fodya lotseka mafani m'kutentha kwa Okutobala, chingwe chodyedwa ndi makoswe kudenga, kapena chotalika kupitirira mamita 100 omwe Ethernet imalola. Chipangizo chowonongeka chimavuta paliponse pomwe mwachipititsa. Vuto la multicast limatsata malo ndi nthawi, moti kompyuta yomweyo mukapita nayo kunyumba imagwira ntchito popanda chovuta.

Skirini ya buluu ikabwera, ijambuleni ndi foni. Kawirikawiri pamalembedwa mawu monga DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, ndipo pena pamaoneka dzina la fayilo lothera ndi .sys. Loyamba ndi e1d kapena e1c ndi la khadi la Intel, ndipo rt640x64.sys ndi la Realtek. Mukaona ndis.sys kapena tcpip.sys musafulumire kuweruza, chifukwa amenewa ndi mafayilo a Windows omwe nthawi zambiri amangogwera m'cholakwika cha dalaiva wa khadi. Windows imasunganso mbiri ya kugwa kulikonse mu foda ya Minidump, yomwe katswiri atha kuiwerenga. Pa Linux, dalaiva akakakamira mumapeza mawu akuti NETDEV WATCHDOG m'kaundula wa zochitika.

Tsopano pitani pa swichi mukayang'ane timagetsi take. Pa netiweki yabwino timathwanima mosiyanasiyana, kalikonse pa nthawi yake. Tikamathwanima tonse pamodzi, mothamanga, osapumira, ndiye kuti pali chomwe chikutumizidwa ku mabowo onse. Zulani zingwe chimodzichimodzi, mukudikira pang'ono pa chilichonse. Chomwe mukachizula timagetsi n'kudekha, chitsatireni mpaka komwe chathera. Njira imeneyi siifuna sukulu ya makompyuta, imangofuna kuleza mtima, ndiponso kuti zingwe zikhale zolembedwa mayina, chinthu chomwe maofesi ambiri amachinyalanyaza mpaka tsiku la mavuto.

Amene ali ndi laputopu atha kuikamo Wireshark, pulogalamu yaulere yomwe Gerald Combs anaiyamba mu 1998 ili ndi dzina lakuti Ethereal. Imaonetsa paketi iliyonse yofika pa khadi. Mukaona mizere ikuthamanga, yonse yopita ku maadiresi oyamba ndi 224, 239 kapena 33-33, onani adiresi ya MAC ya wotumiza. Zilembo zake 6 zoyambirira zimanena kampani yomwe inapanga chipangizocho, ndipo Wireshark imalemba yokha dzina la kampaniyo. Apo mudziwa ngati mukusaka kamera, pulinta kapena kompyuta.

Kukonza mbali zonse ziwiri

Mbali ya dalaiva ndi yosavuta. Tengani dalaiva watsopano pa tsamba la kampani yomwe inapanga kompyutayo kapena khadilo, osati pa masamba achilendo olonjeza madalaiva onse pamodzi, omwe ambiri amabwera ndi zinyalala. Ngati vuto linayamba dalaiva atangosinthidwa, Device Manager ya mu Windows ili ndi batani la Roll Back Driver lobwezera wakale. Momwemo mulinso zotchera za khadi. Yesani kuzimitsa Energy Efficient Ethernet, kapena chilolezo choti Windows izizimitsa khadi posunga magetsi, kapena Large Send Offload. Sinthani chinthu chimodzi, mudikire, mulembe m'kope muja, kenako china. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chathandiza. Zonse zikakanika, kakhadi kolowetsa pa USB kamakhala ndi dalaiva wina, ndipo katha kuipulumutsa kompyutayo pa mtengo wochepa.

Koma kulekera pomwepo ndi kusiya ntchito pakati, chifukwa phokoso likadalipo, ndipo lidzapeza kompyuta ina yofooka. Makamera apatseni swichi yawoyawo, kapena muwapatule ndi VLAN, yomwe ndi njira yogawa swichi imodzi kukhala manetiweki osamverana. Ngati kanema wa kamera amaonedwa pa malo amodzi okha, zimitsani multicast pa kamerayo. Pogula swichi ya pakati pa ofesi, funsani ngati ili ndi IGMP snooping, Spanning Tree ndi storm control, yomwe imachepetsa mapaketi a gulu akapyola muyezo. Wi-Fi nayo imapindula, chifukwa imatumiza multicast pa liwiro lotsika kwambiri, moti phokoso lochepa pa chingwe limatha kutsekereza mafoni onse.

Pali msampha umodzi womwe umakola ambiri. IGMP snooping imafuna kuti pakhale chipangizo chimodzi, chotchedwa querier, chomafunsa nthawi ndi nthawi kuti ndani akadali m'gulu. Mwachizolowezi chimafunsa pa masekondi 125 aliwonse, ndipo swichi ikapanda kumva yankho kwa masekondi 260 imafafaniza bowolo pa mndandanda. Mukayatsa snooping popanda querier, kanema wa makamera amaoneka bwino kwa mphindi zinayi ndi pang'ono, kenako n'kuduka. Mukaona zimenezo musabwerere kukazimitsa snooping. Yatsani querier pa swichi kapena pa rauta.

Inu amene mumayang'anira ofesi, sukulu kapena esiteti, musalole kuti kompyuta ifomatidwe musanafunse mafunso awiri awa: kodi imagwanso chingwe chikazulidwa, ndipo timagetsi ta pa swichi tikuthwanima bwanji? Ntchito yolemba mayina pa zingwe, yosintha madalaiva ndi yopatula makamera ichitike mu Febuluwale kapena Malichi, msika wa fodya usanatsegulidwe.